Bala la Opaleshoni ya Mtima: Zimene Zimalilepheretsa Kupola

Munthu amene anapita kutali kukachitidwa opaleshoni ya mtima akabwerera kwawo, mudzi wonse umasangalala. Abale amene akhala ndi nkhawa kwa milungu yambiri amabwera kudzamuzonda, ena atanyamula nkhuku, ena ufa, ndipo pafupifupi aliyense amafuna kuona ndi maso ake mzere wautali umene madokotala anasoka pakati pa chifuwa. Poona kuti munthu uja akuyenda yekha, akudya bwino, ndiponso phuma lake lija latha, ambiri amaganiza kuti matenda atheratu. Komatu nthawi imeneyi ndiyo imene bala la pachifuwa limafuna chisamaliro chachikulu, pakuti fupa limene linadulidwa limakhala lisanagwirane, ndipo tizilombo toyambitsa matenda tikapeza mpata tingathe kuwononga m'masiku ochepa ntchito imene inadya ndalama zambiri ndi luso la anthu ambiri.

Nkhani imeneyi ikukhudzanso anthu a m'midzi ya m'dziko muno. Odwala mtima ena amatumizidwa ku zipatala za kunja, monga ku India ndi ku South Africa, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Ena anabadwa ndi bowo mumtima. Ena anadwala zilonda zapakhosi ali aang'ono osalandira mankhwala, kenaka matendawo anawononga tizitseko ta mumtima timene madokotala amatitcha mavalavu. Onsewa akachira amabwerera kumudzi, kumene wowayang'anira ndi mayi, mlongo, mwamuna kapena mkazi wawo, pamodzi ndi ogwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha m'deralo.

Mmene bala limakhalira

Mtima uli kuseri kwa fupa lalitali la pakati pa chifuwa, pamene nthiti za kumanja ndi za kumanzere zimakumana. Kuti aufikire, dokotala amacheka khungu pafupifupi masentimita 20 kuchokera m'munsi mwa khosi, nadula fupalo pakati m'litali mwake. Pa opaleshoni zambiri magazi a wodwala amadutsa m'makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo kwa kanthawi. Makina oterewa anagwiritsidwa ntchito bwinobwino koyamba mu 1953 ndi dokotala John Gibbon mumzinda wa Philadelphia ku America. Ntchito ikatha, mbali ziwiri za fupa zimamangidwa pamodzi ndi mawaya achitsulo chosachita dzimbiri, amene amakhala m'thupi moyo wonse, kenaka mnofu ndi khungu zimasokedwa pamwamba pake.

Motero bala limeneli lili ndi magawo atatu: khungu, fupa, ndi malo a kuseri kwa fupa kumene kuli mtima ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Khungu limagwirana m'milungu iwiri yokha. Fupa limatenga milungu 6 kufikira 8 kuti ligwirane, ndipo kuti lilimbe kwenikweni pamapita miyezi itatu. Apa m'pamene anthu ambiri amanamizika, chifukwa amaona khungu litapola naiwala kuti pansi pake pali fupa lothyoka.

Tizilombo tikalowa pakhungu pokha, bala limafiira ndi kutulutsa mafinya, koma kawirikawiri limachizika msanga. Tikafika ku fupa ndi kuseri kwake, matendawo amakhala oopsa ndipo amatha kupha. Mwa anthu 100 alionse ochitidwa opaleshoni ya mtima, pafupifupi mmodzi kufikira atatu ndiwo amadwala matenda akuyawa. Nthawi zambiri amaonekera m'mwezi woyamba, wodwala atatuluka kale m'chipatala, ngakhale kuti mwa ena amachedwa mpaka miyezi itatu.

Kumene tizilombo timachokera

Kuyambira kalekale mdani wamkulu wa opaleshoni ndi tizilombo. Mu 1867 dokotala Joseph Lister wa ku Glasgow analengeza kuti kutsuka mabala, zipangizo ndi manja ndi mankhwala opha tizilombo kunachepetsa imfa za odwala ake. Patapita zaka 100, pa 3 December 1967, dokotala Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina m'chifuwa cha wodwala pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Mtimawo unagwira ntchito, koma wodwalayo anamwalira ndi chibayo patatha masiku 18, chifukwa mankhwala oletsa thupi kukana mtima watsopanowo anafooketsa chitetezo chake.

Anthu ambiri amaganiza kuti tizilombo tolowa m'bala timachokera kutali. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri timachokera pa thupi la wodwala mwini wake. Kachilombo kamene kamavutitsa kwambiri kamatchedwa Staphylococcus aureus, komwenso kamayambitsa zithupsa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda nako m'mphuno kapena pakhungu osadwala konse. Khungu likachekedwa, kachilomboka kamapeza khomo, ndipo kakamatirira pa waya kapena pa valavu yoikirira, mankhwala amavutika kukafikira. Mitundu ina ya kachilomboka inapima kotero kuti siimva mankhwala ambiri. Mtundu wotchedwa MRSA unapezeka koyamba ku Britain mu 1961, ndipo lero ukupezeka m'maiko onse.

Komabe si aliyense amene tizilombo timamugonjetsa. Pali zifukwa zodziwika bwino zimene zimachititsa kuti bala la munthu mmodzi lipole bwino pamene la mnzake likuchita mafinya. Zina zili m'thupi mwa wodwala, zina zimachitika m'chipatala, ndipo zina zimachitika kumudzi.

Zifukwa za m'thupi mwa wodwala

Choyamba ndi matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi, asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi tizilombo amafooka, timitsempha ting'onoting'ono totengera magazi ku bala timawonongeka, ndipo mnofu watsopano umachedwa kumera. Chovuta n'chakuti anthu ambiri ali ndi matendawa osadziwa. N'chifukwa chake madokotala amayeza shuga asanachite opaleshoni, kuphatikizapo muyeso wotchedwa HbA1c, umene umasonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Pambuyo pa opaleshoni, odwala ambiri amapatsidwa insulini kwa masiku angapo. Wodwala shuga akabwerera kwawo ayenera kumwa kapena kubaya mankhwala ake tsiku ndi tsiku, kuyezetsa kawirikawiri, ndi kukana mwaulemu zakumwa zotsekemera zimene odzamuzonda amakonda kubweretsa.

Chachiwiri ndi kunenepa kwambiri. Mafuta a pansi pa khungu alibe mitsempha yambiri ya magazi, choncho mankhwala ndi asilikali a m'thupi samafikako mokwanira. Kulemera kwa mimba ndi chifuwa kumakokanso bala uku ndi uku. Kwa amayi a mabere akuluakulu, kukokako kumakhala kwakukulu, ndiponso thukuta limasonkhana m'munsi mwa mabere pafupi ndi bala. Amayi otere amalangizidwa kuvala chogwiriza mabere chofewa, chopanda waya, ndi kupukuta malowo kuti azikhala ouma.

Chachitatu ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi. Ili ndi vuto la odwala ambiri a kuno, makamaka ana amene avutika ndi mtima kwa zaka zambiri naonda, kapena amene magazi awo ndi ochepa. Thupi silingamange fupa ndi mnofu popanda zomangira. Wodwala ayenera kudya zakudya za magulu onse 6, makamaka nyemba, nandolo, soya, mtedza, mazira, usipa, matemba, mkaka ndi nyama zikapezeka, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, mapapaya, malalanje ndi malambe. Palibe chifukwa chomuletsera mazira kapena nsomba, pakuti zakudya zimenezi siziyambitsa mafinya.

Chachinayi ndi fodya ndi chifuwa. Fodya amafinya mitsempha ya magazi, ndipo utsi wake umachepetsa mpweya wabwino umene magazi amanyamula, chonsecho bala limadalira mpweyawo kuti lipole. Wosuta amakhosomolanso kwambiri, ndipo nthawi iliyonse imene akhosomola mbali ziwiri za fupa zimakankhika, mawaya nkumadya fupa pang'onopang'ono mpaka kumasuka. Fupa logwedezeka ndilo limagwidwa msanga ndi tizilombo. Wosuta ayenera kusiya kutatsala milungu inayi kapena kuposerapo kuti achitidwe opaleshoni, ndipo asadzayambirenso, kaya ndi ndudu, chingambwe, fodya wa m'mphuno kapena wotafuna. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera umayambitsanso chifuwa, choncho wodwala asakhale pamoto pophikira. Amene ali ndi mphumu kapena chifuwa chokhalitsa ayenera kupimidwa ndi kulandira mankhwala.

Chachisanu ndi kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi. Munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, kapena amadumphitsa, amakhala pa ngozi yaikulu, pamene amene amamwa mokhulupirika mpaka tizilombo titachepa m'magazi amatha kupola bwino. Mankhwala ena monga prednisolone, akamwedwa kwa nthawi yaitali, amachepetsanso chitetezo. Wodwala awauze madokotala za mankhwala onse amene amamwa, koma asasiye yekha popanda malangizo. Ukalamba, matenda a impso, ndi mtima umene unali utafooka kale kwambiri zimachedwetsanso kupola.

Pomaliza, matenda alionse amene ali pena m'thupi angathe kutumiza tizilombo ku bala kapena ku valavu yatsopano. Chithupsa, mphere, chilonda cha pamwendo, dzino lobooka kapena matenda a m'chikhodzodzo ziyenera kuchizidwa ulendo usanafike. Wodwala asabise zoterezi poopa kuti ulendo ulephereka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zifukwa za m'chipatala

Zina mwa zoopsa sizili m'manja mwa wodwala, koma n'kwabwino kuti iye ndi abale ake azidziwe. Opaleshoni imene yatenga maola ambiri, opaleshoni yadzidzidzi, ndi opaleshoni yachiwiri pa chifuwa chimene chinatsegulidwapo kale zimakhala ndi ngozi yochuluka. Chimodzimodzinso ngati wodwala anatsegulidwanso chifukwa cha kutaya magazi, ngati anaikidwa magazi ambiri, ngati anakhala masiku angapo akupuma ndi makina, kapena ngati anagona m'chipatala nthawi yaitali asanachitidwe opaleshoni.

Palinso opaleshoni yolambalalitsa magazi pa mitsempha yotsekeka ya mtima, imene imachitika kwambiri mwa akuluakulu. Pa opaleshoni imeneyi dokotala amatenga mtsempha wa kuseri kwa fupa la pachifuwa naulumikiza ku mtima. Mitsemphayi ilipo iwiri, ndipo ndiyo imadyetsa fupalo. Ikatengedwa yonse iwiri, fupa limalandira magazi ochepa, ndipo ngozi imakula makamaka kwa odwala shuga. Wodwala amene kalata yake yotulukira m'chipatala ikutchula chimodzi mwa zimenezi ayenera kuyang'aniridwa mosamala koposa.

Zipatala zili ndi njira zochepetsera ngozi. Mu 2016 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kapewedwe ka matenda a m'mabala a opaleshoni. Mwa zina, malangizowo amanena kuti wodwala asambe ndi sopo asanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Kuti amene apezeka ndi Staphylococcus aureus m'mphuno apakidwe mankhwala a mupirocin. Kuti mankhwala opha tizilombo aperekedwe khungu lisanachekedwe, pasanapitirire mphindi 120. Ndi kuti ubweya usametedwe ndi lezala. Lezala limasiya timabala tosaoneka ndi maso, momwe tizilombo timaswana. Choncho bambo amene akukonzekera ulendo asadzimete pachifuwa poganiza kuti akuthandiza madokotala.

Zifukwa za kumudzi

Kumudzi ndiko kumene abale ali ndi mphamvu zonse zotetezera bala. Ngozi yoyamba ndi ntchito. Kwa milungu 6 kufikira 8 wodwala sayenera kunyamula, kukoka kapena kukankha chinthu cholemera kuposa makilogalamu 5. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndipo thumba la chimanga limalemera 50. Kulima, kusinja, kuwaza nkhuni, kupopa mjigo, kutunga pachitsime ndi chingwe ndi kupalasa njinga zonse zimakoka fupa la pachifuwa, ndipo ntchito zolemera zoterezi zidikire mpaka dokotala atavomereza, kawirikawiri pakatha miyezi itatu. Mayi asabereke mwana, pakuti kuwonjezera pa kulemera kwake, mfundo ya chitenje imakhala pamwamba penipeni pa bala. Mwana aikidwe pa miyendo ya mayi wake ndi munthu wina.

Izi zimavuta kwambiri m'nyengo ya dzinja, pamene munda ukudikira ndipo wodwala akudzimva kuti ali ndi mphamvu. Mayi amene wazolowera kugwira ntchito amachita manyazi kukhala pakhonde anzake akupita kudambo, makamaka ngati ena ayamba kumunena kuti ndi waulesi. Mwamuna wake, apongozi ndi ana ayenera kugawana ntchito zake ulendo usanachitike, ndipo a mpingo kapena a m'mudzi angathe kuthandiza kumunda. Kutaya zokolola za chaka chimodzi n'kopweteka, koma fupa likamasuka pamafunika opaleshoni ina, imene mwina singapezeke pafupi.

Sikuti wodwala azingogona ayi. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, n'kumawonjezera mtunda, kumatsegula mapapo ndi kuyendetsa magazi. Pokhosomola kapena poyetsemula akumbatire pilo kapena bulangeti lopinda pachifuwa. Podzuka ayambe wagudubukira chammbali, osati kudzikankha ndi manja. Kudzuka pamphasa kumafuna mphamvu za manja, choncho ngati n'kotheka agone pa bedi ndi kukhala pa mpando.

Ngozi yachiwiri ndi uve. Aliyense wokhudza bala asambe m'manja ndi sopo, ndipo odzazonda aone ndi maso okha. Achipatala akalola kusamba, wodwala asambe ndi madzi aukhondo a pamjigo kapena owiritsa, atsuke bala mopepuka ndi sopo wamba, nalipukute modinda ndi kansalu kakekake kochapa bwino ndi kouma padzuwa. Asalikhule ndi mwala kapena chinkhupule, asachotse nkhanambo, ndipo asasambe mumtsinje kapena m'nyanja mpaka bala litapoleratu. Malaya akhale oyera ndi omasuka, otchinga ntchentche ndi fumbi.

Ngozi yachitatu ndi kupaka zinthu pa bala. Mafuta odzola, phulusa, dothi, mankhwala otsukira mano, masamba otafuna kapena ufa wa mizu zimabweretsa tizilombo ndi kusunga chinyezi. Kutema mphini pafupi ndi bala kumatsegula makomo atsopano. Kugula makapisozi pamsika ndi kumwa awiri kapena atatu, kapena kuwatsegula ndi kuthira ufa wake pa bala, kumangobisa zizindikiro pamene mafinya akusonkhana kuseri kwa fupa.

Zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala

Bala liyenera kuyang'anidwa poyera m'mawa uliwonse. Kuyabwa pang'ono, dzanzi, ndi kachotupa kolimba pamwamba pa mzere kamene kamachepa pakapita milungu ndi zinthu zachizolowezi. Koma wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala lafiira kapena kuda ndipo kusinthako kukufalikira. Ngati latupa ndi kutentha. Ngati likutuluka mafinya, madzi kapena fungo. Ngati latseguka ngakhale pang'ono. Ngati ululu umene unali kuchepa wayambanso kukula. Ngati fupa likugwedezeka kapena kumveka kulira pokhosomola ndi potembenuka. Kapena ngati thupi latentha kufika madigiri 38, akunjenjemera, akupuma movutika kapena wafooka mwadzidzidzi.

Kutentha thupi kusangoganiziridwa kuti ndi malungo. Ngakhale magazi atasonyeza malungo, bala liyenera kuonedwabe. Wodwala atenge kabuku kake ka kuchipatala, kalata yotulukira, ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo anene poyamba pomwe kuti anachitidwa opaleshoni ya mtima pa tsiku lakutilakuti. Chipatala chaching'ono chimamutumiza ku chipatala cha boma, kumene angatumizidwenso ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, kapena cha ku Zomba ndi cha ku Mzuzu. Matenda akuya amafuna kutsegula bala, kuchotsa mafinya ndi mnofu wakufa, ndi mankhwala a m'mitsempha kwa milungu ingapo. Amene wafika msanga ndiye amakhala ndi mwayi waukulu wochira.

Za mankhwala

Amene anaikidwa valavu yachitsulo amamwa warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane, ndipo amayezetsa magazi kawirikawiri pa muyeso wotchedwa INR. Mankhwala ena odziwika, monga bactrim ndi flagyl, amawonjezera mphamvu ya warfarin, ndipo ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amawonjezera ngozi yotaya magazi. Magazi akasonkhana pansi pa bala amasanduka chakudya cha tizilombo. Choncho wodwala asamwe mankhwala atsopano alionse, ngakhale azitsamba, achipatala asanadziwe kuti ali pa warfarin. Amene mtima wake unawonongeka ndi matenda ochokera ku zilonda zapakhosi apitirize jakisoni wa benzathine penicillin wa mwezi ndi mwezi monga mmene analangizidwira, pakuti opaleshoni siiletsa matendawo kubwereranso.

Njira yabwino koposa yopewera bala la pachifuwa ndiyo kuti mwana asafike pofuna opaleshoni. Mwana wa zaka 5 kufikira 15 akadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, apite naye kuchipatala kuti akapimidwe, ndipo akapatsidwa mankhwala amalize onse. Akayamba kumva kuwawa ndi kutupa m'malo olumikizira mafupa, kutopa msanga, phuma kapena kutupa miyendo, makolo asachedwe. Ndipo pamene m'mudzi muli munthu amene wabwerako ku opaleshoni, mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe tsiku lomwelo, kuti azimuyendera mpaka miyezi itatu yoyamba itatha.